Selo likameza kachilombo, n'chifukwa chiyani sikafa?

Chikondi:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso limene landisowetsa tulo. M'kalasi tinaphunzira kuti maselo oyera a magazi, aja timawatcha asilikali a m'thupi, amameza tizilombo n'kutigaya. Zimenezo ndinazimva bwinobwino. Koma usiku ndikuwerenga za chifuwa chachikulu ndapeza kuti kachilombo ka TB kamakhala m'kati mwa maselo omwewo, ndipo kamaswana momwemo. Zikutheka bwanji? Msilikali wakumeza, iwe n'kumanga nyumba m'mimba mwake? Aphunzitsi, achimwene a ku labotale, ndithandizeni.

Mphatso:
Mwina mwasokoneza achemwali. Ine ndikuganiza kuti kamakhala m'mapapo pafupi ndi maselowo, osati m'kati mwake.

Yamikani:
Sanasokoneze a Mphatso, ine ndimaziona ndi maso angawa. Tikapaka makhololo pagalasi n'kuthira utoto wa Ziehl-Neelsen, zonse zimasanduka zabuluu, koma tizilombo ta TB timatsala tofiira, toonda ngati tizidutswa ta ulusi. Tambiri timakhala tomwazikana. Koma nthawi zina umapeza selo lalikulu lathunthu, losaphulika, ndipo m'kati mwake muli timitengo tofiira tisanu kapena kuposa titagundana pamodzi. Tsiku loyamba kuona zimenezo ndinaitana bambo amene ankandiphunzitsa ntchito. Anasuzumira kamodzi kokha n'kundiuza kuti kwawo kwa tizilomboto ndi kumeneko.

A Nkhoma:
Chikondi mwanangu, nkhani yagona pa mawu awiri amene tazolowera kuwatchula mpweya umodzi: kumeza ndi kugaya. Ife aphunzitsi timathamanga pamenepa chifukwa cha nthawi, koma ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo pakati pake pali mpata.

Selo limene tikunenali dzina lake ndi macrophage. Likakumana ndi bakiteriya limatambasula khungu lake, kumuzungulira, n'kumutsekera m'kathumba kotchedwa phagosome. Apa bakiteriya sanakhudzidwe n'komwe, wangotsekeredwa m'chipinda basi. Kuti afe, kathumbako kayenera kukhwima. Selo limayamba kupopera asidi m'menemo, kenako kathumbako kamakalumikizana ndi kena kotchedwa lysosome, kodzaza ndi timadzi togaya. Tikaphatikizana, pH, muyeso umene umachepa asidi akamachuluka, imatsika kufika cha m'ma 5 kapena kutsikirapo, ndipo bakiteriya wamba amathera pomwepo.

Kachilombo ka TB kamalola kumezedwa, koma kamaletsa timatumba tiwiriti kukumana. Ofufuza Armstrong ndi Hart anaonetsa zimenezi mu 1971. Anaona kuti timatumba tokhala ndi tizilombo tathanzi nthawi zambiri sitinkalumikizana ndi lysosome, pamene tokhala ndi tizilombo towonongeka tinkalumikizana bwinobwino. Pambuyo pake ofufuza ena anapeza kuti kathumbako kamangoima pa pH ya cha m'ma 6.4, chifukwa timapampu ta asidi tija sitifikapo. Ndiye chipinda chimene chinayenera kukhala chophera chimasanduka chogona.

Chikondi:
Aphunzitsi, ndiye kuti selo lomwe linayenera kukapha ndi limene likukabisa?

Yamikani:
Ndi momwemo. Ma antibody, mapuloteni a chitetezo ogwira tizilombo, amayenda m'magazi ndi m'timadzi ta kunja kwa maselo, m'katimo safikamo. Komanso sikuti kamangobisala, kamadya momwemo. Ka TB kamatha kudya mafuta a selo lomwelo, kuphatikizapo cholesterol. Ndipo sikuti kamakhala m'kathumbamo mpaka kalekale. Kali ndi njira yotulutsira mapuloteni yotchedwa ESX-1, imene imatha kuboola khungu la kathumbako. Katemera wa BCG, amene anayamba kuperekedwa mu 1921, ndi wachibale wa kachilombo komweka, koma asayansi Calmette ndi Guérin atamuweta zaka zambiri mu labotale anataya chigawo cha majini chimene chimapangitsa ESX-1 kugwira ntchito. Chimenechi ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu zimene katemerayu sadwalitsira munthu wathanzi.

Mphatso:
Chabwino, ndavomera. Koma kodi mabakiteriya onse okhala m'maselo amachita zomwezi?

Yamikani:
Ayi, aliyense ndi nzeru zake. Listeria sadikira n'komwe. Akangomezedwa amatulutsa puloteni yotchedwa listeriolysin O, kung'amba kathumba, iye n'kutulukira m'kati mwenimweni mwa selo, mmene muli chakudya chambiri ndipo mulibe asidi. Chimene chimandigwira mtima ndi mmene amayendera akafika m'menemo. Selo lathu lili ndi tiulusi ta actin timene limagwiritsa ntchito poyenda ndi posintha maonekedwe. Listeria ali ndi puloteni yotchedwa ActA yochuluka mbali imodzi ya thupi lake, ndipo imanamiza selo kuti lizimanga tiulusiti kumbuyo kwake. Tikamaunjikana timamukankha, iye n'kumathamanga atakoka mchira, mpaka kukagunda khoma la selo. Amalitukumula ngati chala cholowa m'selo loyandikana nalo, selo linalo n'kumumeza, ulendo n'kuyambiranso. Panja sanatulukeko. Tilney ndi Portnoy anajambula zimenezi mu 1989. Shigella, mmodzi mwa oyambitsa kamwazi, amachita zofanana m'matumbo.

Anamwino Esnart:
Ndi chifukwa chake Listeria timamuopa kwambiri kwa amayi oyembekezera. Mayi amangomva ngati chimfine, koma kachilomboko kamakafika kwa mwana m'mimba.

A Nkhoma:
Ndiye palinso wina amene amachita zosemphana ndi onsewa. Coxiella burnetii, woyambitsa Q fever, saletsa lysosome kubwera ndipo sathawa. Amadikira asidiyo. Iye amadzuka n'kuyamba kuswana pH ikatsika kufika kumene ena amafera. Matendawa anayamba kuonekera kwa anthu ogwira ntchito kophera ng'ombe ku Brisbane m'dziko la Australia mu 1935, ndipo pakati pa 2007 ndi 2010 anadwalitsa anthu oposa 4,000 ku Netherlands kuchokera ku makola a mbuzi zamkaka. Kwa zaka zambiri palibe amene ankatha kumuweta kunja kwa selo, mpaka mu 2009 pamene anamukonzera chakudya cha asidi chokhala ndi mpweya wa okosijeni wochepa, chofanana ndi kwawoko.

A Gondwe:
Pepani akuluakulu, ndilowerereko pang'ono. Ine si wa zachipatala, ntchito yanga ndi ya mapaipi ndi matanki a madzi otentha m'nyumba zikuluzikulu. Kumaphunziro ena anatichenjeza za kachilombo kotchedwa Legionella, ndipo wophunzitsayo anati kamabisala m'kati mwa amiba m'mapaipimo. Sanafotokoze zambiri, ife tinangolemba. Tsopano ndikumva mukunena za kubisala m'maselo. Kodi ndi nkhani imodzi?

Mphatso:
Amiba si uja amatsegula m'mimba mwamagazi?

Yamikani:
Ameneyo ndi Entamoeba histolytica, wokhala m'matumbo a munthu. Amiba ndi tamoyo ta selo limodzi, ndipo amene akunena a Gondwe ndi ena, odziyendera okha m'dothi, m'madambo, m'matanki ndi m'mapaipi, monga Acanthamoeba. Safuna munthu kuti akhale ndi moyo. Chakudya chawo ndi mabakiteriya.

A Nkhoma:
A Gondwe, mwagunda pamtima penipeni pa nkhaniyi, ndipo ndakondwa kuti mwafunsa.

Mu July 1976 asilikali opuma a bungwe la American Legion anachita msonkhano pa hotela ya Bellevue-Stratford mumzinda wa Philadelphia ku America. Atabwerera kwawo anayamba kudwala chibayo choopsa. Anthu 221 anadwala, 34 anamwalira. Kwa miyezi ingapo palibe amene ankadziwa choyambitsa. Ena ankati ndi poizoni, ena ankati ndi fuluwenza ya nkhumba imene inkaopedwa chaka chimenecho. Joseph McDade wa ku CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, ndi amene anapeza bakiteriyayo, ndipo zinalengezedwa mu January 1977. Anamupeza pogwiritsa ntchito mbira ndi mazira a nkhuku, chifukwa pa chakudya cha mabakiteriya chimene malabotale ankagwiritsa ntchito sankamera. Amakhulupirira kuti anachokera m'madzi a makina oziziritsira mpweya a pa hotelayo.

Apa panabuka chinthu chosamveka. Bakiteriya wosankha zakudya chonchi, wokana kumera mu labotale, akukhala bwanji m'madzi a m'thanki mmene mulibe kanthu? Yankho linachokera kwa Timothy Rowbotham wa ku Leeds mu 1980. Anaika Legionella pamodzi ndi amiba, Acanthamoeba ndi Naegleria, n'kumayang'ana. Amiba anameza bakiteriya monga amachitira masiku onse. Koma m'malo moti bakiteriya agayidwe, anaswana m'katimo mpaka amiba anadzaza n'kuphulika.

Tsopano tayang'anani macrophage wathu uja. Amakwawa ngati amiba. Amameza potambasula khungu ngati amiba. Amagaya ndi asidi ndi lysosome ngati amiba. Zida zambiri za m'kati n'zofanana, chifukwa maselo a amiba ndi athu ndi a mtundu umodzi waukulu, onse ali ndi nyukiliyasi ndi timatumba tomweti. Élie Metchnikoff, amene anatulukira kumeza kwa maselo mu 1882 poyang'ana ana a nyama ya m'nyanja yotchedwa starfish ku Messina, anaona kale kuti maselo otitetezawa amadya ngati tamoyo ta selo limodzi. Ndiye Legionella akagwera m'mapapo a munthu n'kumezedwa ndi macrophage, kwa iye palibe chachilendo. Chitseko chake n'chomwe chija wakhala akutsegula kuyambira munthu asanakhaleko.

Chikondi:
Ndiye kuti sanaphunzire pa ife?

A Nkhoma:
Ayi mwanangu. Ndipo ife sapindula nafe kalikonse. Legionella sayenda kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake monga imachitira TB. Pali nkhani imodzi yokha ya ku Portugal mu 2014 imene imaganiziridwa kuti mwana anapatsira mayi ake. Kupatula pamenepo, bakiteriya amene walowa m'mapapo ulendo wake wathera pomwepo, kaya munthuyo achira kaya amwalira. Ine maganizo anga ndi akuti mfundo imeneyi tiziiphunzitsa koyambirira. Timakonda kuyankhula ngati kachilombo kalikonse kanabadwira kudzalimbana ndi munthu. Legionella akulimbana ndi amiba, ife tinangomukonzera njira pomanga matanki ofunda, mashawa ndi makina opemerera madzi m'mwamba.

Yamikani:
Ndiwonjezere za mmene amachitira, chifukwa n'zodabwitsa. Legionella ali ndi kachida konga jakisoni kotchedwa Dot/Icm. Akangomezedwa, m'mphindi zochepa amayamba kubaya mapuloteni ake kudutsa khungu la kathumba kulowa m'selo. Mapuloteniwa ndi oposa 300, ochuluka kuposa a mabakiteriya ena odziwika bwino ngati Salmonella, amene ali ndi makumi angapo chabe. Ena mwa mapuloteniwa amakokera kukathumbako timatuza tochokera ku endoplasmic reticulum, malo amene selo limapangira mapuloteni ake. Posakhalitsa kathumbako kamavala khungu la chiwalo cha selo lomwelo, lysosome n'kumakadutsa osakazindikira. Marcus Horwitz anafotokoza zimenezi m'maselo a anthu mu 1983.

Akatetezeka amaswana. Chakudya chikayamba kutha amasintha thupi, kumera mchira wosambirira, kuphulitsa selo n'kupita kukafuna lina.

Za kusamera mu labotale zija, vuto linali cysteine, chimodzi mwa zomangira mapuloteni, ndi ayironi. Sangathe kukula popanda kupatsidwa cysteine, chifukwa anazolowera kuitenga kwa mwininyumba. Masiku ano timamudzala pa mbale yakuda bii yotchedwa BCYE, yokhala ndi makala, ndipo umadikira masiku atatu kapena kuposa usanaone timadontho totuwa tikumera.

Mphatso:
Mapuloteni 300 pa ntchito imodzi? Achuluka chifukwa chiyani?

Yamikani:
Chifukwa mwininyumba si mmodzi. M'madzi muli amiba a mitundumitundu ndi tamoyo tina tomeza mabakiteriya, ndipo Legionella sasankha amene amumeze mawa. Ofufuza akachotsa puloteni imodzi, nthawi zambiri palibe chimasintha, ina imagwira ntchitoyo. Koma ukawononga jakisoni weniweniyo, Dot/Icm, bakiteriya amagayidwa ngati wina aliyense. Ndipo mu 2004, gulu la Carmen Buchrieser ku Institut Pasteur mumzinda wa Paris litawerenga majini onse a Legionella, linapeza kuti mapuloteni ambiri amafanana ndi a maselo okhala ndi nyukiliyasi, osati a mabakiteriya anzake. Kufufuza kotsatira kunasonyeza kuti ena mwa majiniwa anawatenga kwa amiba amene ankakhalamo. Coxiella uja ananena aphunzitsi ndi wachibale wake, nayenso ali ndi Dot/Icm.

A Gondwe:
Tsopano zambiri zikugwa m'malo. Ndikuuzeni zimene ndimaona ine. Nyumba ikakonzedwanso, bafa lina amalichotsa koma paipi yake amangoitseka kumapeto n'kuisiya m'khoma. Madzi m'menemo sayenda. Tsiku lina ndinadula paipi yotere pa nyumba ina ya zipinda zambiri. Madzi anatuluka ofunda, onunkha chinyontho, ndipo nditapisa chala m'katimo ndinatulutsa zoterera zabulawuni ngati ndere, zomatirira kukhoma lonse la paipi. Eni nyumbayo ankati madzi awo ndi otetezeka chifukwa amathira kulorini m'thanki. Ndinawauza kuti kulorini safika kumene madzi sayenda, koma sindinkadziwa kuti muzotererazo muli amiba akudya, ndipo m'mimba mwa amibawo muli ena akuswana.

A Nkhoma:
Ndipo ngakhale kulorini atafika, pali chinanso. Acanthamoeba zinthu zikamuvuta, kaya ndi kuuma, njala kapena mankhwala, amadzikulunga n'kupanga chikamba cholimba cha makoma awiri. Akatero amapirira kulorini wochuluka kuposa amene timathira m'madzi akumwa. Bakiteriya amene ali m'kati amatetezeka naye limodzi. Zinthu zikakhalanso bwino, amiba amatuluka m'chikambamo, mlendo wake ali moyo.

A Gondwe:
Ndi chifukwa chake anatiumiriza za kutentha. Anati kachilomboka kamakula pakati pa madigiri 20 ndi 45, ndiye madzi otentha azisungidwa pa 60, ozizira azikhala pansi pa 20. Vuto n'lakuti anthu ambiri amatsitsa gizala kuti asunge magetsi, n'kuisiya pa 40. Ine ndinkaona ngati nkhani ndi ya kumwa madziwo.

Anamwino Esnart:
Si kumwa kwenikweni a Gondwe, ndi kupuma. Timadontho ting'onoting'ono touluka pa shawa kapena pa makina aja ndi timene timafika pansi pa mapapo. Nthawi zina zimachitikanso munthu akatsamwa madzi n'kulowa kummero wa mpweya. Amene ali pachiopsezo kwambiri ndi achikulire, osuta fodya, odwala mapapo ndi amene chitetezo chawo chatsika.

Ndipo zimene mwakambiranazi zimafika mpaka pa mankhwala. Munthu wa chibayo cha Legionella ukamupatsa penicillin kapena amoxicillin yekha, sasintha. Mankhwala a gulu limenelo salowa bwino m'maselo, ndiye amangozungulira panja mdani ali m'nyumba. Pamafunika olowa m'kati, monga azithromycin kapena levofloxacin. Ndi chimodzimodzi ndi Chlamydia, amene sangathe n'komwe kuswana kunja kwa selo: timapereka doxycycline kapena azithromycin.

Mayi a Tadala:
Ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete, koma ndifunseko anamwino. Mlongo wanga anadwala TB. Atamwa mankhwala miyezi iwiri chifuwa chinaleka, thukuta la usiku linatha, thupi linayamba kubwerera. Iye anati wachira, n'kusiya. Tinamuchonderera koma ankati mapilitsi akumutopetsa. Pasanathe chaka anagwanso, ndipo ulendo wachiwiriwu unali wowawa kwambiri. Pano ali bwino, anamaliza. Koma mpaka lero ndimadzifunsa kuti tizilomboto tinali kuti nthawi yonse imene ankaoneka wathanzi ija. Kodi ndi kubisala komwe mukunenaku?

Anamwino Esnart:
Pepani mayi ndi zimene munadutsamo, ndipo tithokoze kuti anamaliza. Inde, mbali yaikulu ndi yomweyi. Mwa munthu mmodzi tizilombo ta TB sitikhala tofanana. Tina timakhala tikuswana mwachangu m'mabowo a m'mapapo, ndipo timeneti isoniazid amatipha msanga. Ndi chifukwa chake munthu amamva bwino masabata oyambirira. Koma tina tili m'maselo ndi m'zotupa zimene thupi lamanga pozungulira matendawa, mmene mpweya ndi wochepa. Timeneti timachepetsa zochita zonse, kukhala ngati tagona. Mankhwala ambiri amapha bakiteriya pamene akukula ndi kumanga khoma lake, ndiye wogona amamuphonya. Onjezani kuti ngakhale ali maso, wa TB amatenga maola 15 mpaka 20 kuti agawikane kamodzi, pamene E. coli pabwino amagawikana mphindi 20 zilizonse. Miyezi iwiri yoyamba ya mankhwala anayi aja, rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol, imachotsa khamu. Miyezi inayi yotsatira ndi yosaka otsalawo mmodzimmodzi akamadzuka. Munthu akasiyira pakati, otsalawo amayambiranso, ndipo nthawi zina amabwera atazolowera mankhwala.

Mayi a Tadala:
Zikomo anamwino. Akanatifotokozera chonchi nthawi imene ija, mwina tikanadziwa mawu omuuza.

Chikondi:
Koma ngati kachilomboka kali ndi nzeru zonsezi, bwanji si tonse tikudwala? Ndinawerenga kuti bungwe la WHO limayerekeza kuti munthu mmodzi mwa anayi alionse padziko lapansi anatengapo kachilombo ka TB.

A Nkhoma:
Chifukwa macrophage salimbana yekha. Akakhala payekha kachilombo kamamuposa. Koma pali maselo ena, a CD4, amene akazindikira kuti mnzawo wasunga mlendo, amatulutsa uthenga wotchedwa interferon gamma. Uthengawu ukafika, macrophage amadzuka. Amakankha kathumba kaja kuti kakhwime, amapanga mankhwala ake opha, amamana kachilomboko ayironi, ndipo amatha kukulunga kathumba konseko m'thumba lina n'kukapereka ku lysosome mokakamiza. Maselo ambiri amasonkhana n'kuzinga malowo, kupanga kachotupa kotchedwa granuloma. Mwa anthu ambiri nkhondo imaima pamenepo. Pa anthu 100 amene anatenga kachilomboka, pafupifupi 5 mpaka 10 okha ndi amene amadzadwala m'moyo wawo.

Anamwino Esnart:
Ndipo apa ndi pamene HIV imalowera. Imapha maselo a CD4 omwewo. Otumiza uthenga akachepa, mpanda umagumuka. Ndi chifukwa chake TB ndi imene imapha anthu ambiri amene ali ndi HIV, komanso chifukwa chake timalimbikira ma ARV ndi mankhwala oteteza ku TB.

Mphatso:
Ndibwerere kwa amiba. Aphunzitsi, mukutanthauza kuti onsewa, TB, Listeria, Salmonella, anaphunzirira kwa amiba?

Yamikani:
Apa ine ndichenjezeko. Nkhani ya amiba ndi yokoma kumva, ndiye anthu amafuna kuiveka kachilombo kalikonse. Kwa Legionella umboni ndi wamphamvu, palibe mkangano. Koma Mycobacterium tuberculosis, woyambitsa TB, sakhala m'madzi kapena m'dothi, kwawo ndi mwa munthu, ndipo wakhala nafe zaka masauzande. Zambiri zimene amachita, monga kuwononga mapapo mpaka munthu azitsokomola n'kupatsira ena, amiba sangamuphunzitse. Salmonella Typhi wa taifodi nayenso ndi wa anthu okhaokha, amatha kukhala m'ndulu ya munthu zaka zambiri munthuyo osadwala, monga zinalili ndi Mary Mallon, wophika wa ku New York.

A Nkhoma:
Mwanena zoona achimwene, ndipo sindikutsutsa. Koma tayang'anani abale ake a TB. Ambiri mwa ma mycobacteria amakhala m'madzi ndi m'dothi. Mycobacterium avium amapulumuka m'kati mwa Acanthamoeba. Mycobacterium marinum, wodwalitsa nsomba, ali ndi ESX-1 yomwe ija, ndipo ofufuza amamuika mwa amiba wa m'dothi wotchedwa Dictyostelium kuti aphunzire zimene TB imachita mwa ife. Ndiye ine ndimaona kuti luso loyamba, lakuti ukamezedwa usagayidwe, ndi lakale kwambiri ndipo makolo a tizilomboti anali nalo asanakumane ndi mapapo. Zotsatira zakezo, za kutsokomola ndi kufalikira, ndiye anaphunzira pa ife.

Yamikani:
Mukanena choncho ndikugwirizana nanu. Chimene ndimakana ndi kunena ngati zatsimikizika kwa onse.

Chikondi:
Funso lina landibwerera. Kodi zimathera pa kuphana nthawi zonse? Palibe pamene selo ndi bakiteriya amangogwirizana?

A Nkhoma:
Zilipo, ndipo zinaonekapo ndi maso. Mu 1966 wasayansi Kwang Jeon anapeza kuti amiba amene ankaweta, a mtundu wa Amoeba proteus, agwidwa ndi bakiteriya wina. Ambiri anafa. Ochepa anapulumuka atasunga mabakiteriyawo m'kati, ndipo iye anapitiriza kuwaweta. Patatha zaka zingapo zinthu zinatembenuka: ukachotsa mabakiteriyawo, amiba ankafa. Mdani uja anali atasanduka wofunika pa moyo wawo. Patapita nthawi anapeza kuti bakiteriyayo ndi wa banja la Legionella.

Ndipo iweyo Chikondi, pafupifupi m'selo lako lililonse muli mitochondria, timene timakupangira mphamvu. Tili ndi DNA yakeyake, timagawikana patokha, ndipo majini ake amasonyeza kuti makolo ake anali mabakiteriya a gulu limodzi ndi Rickettsia, amenenso amakhala m'maselo. Lynn Margulis analimbikira mfundo imeneyi mu 1967 anthu ambiri akuikana. Lero ili m'mabuku onse.

Chikondi:
Aphunzitsi, ndiye phunziro la mitochondria lija ndi la TB ndi msewu umodzi? Ine ndinkaziloweza ngati mitu yosiyana.

Yamikani:
Bwerani ku labotale tsiku lina achemwali, mudzaone nokha. Tikatunga madzi okhalitsa n'kudontheza pagalasi, amiba mudzamuona akukwawa, timatumba tikuyendayenda m'kati mwake. Kenako ndidzakuikirani galasi la makhololo lokonzedwa kale. Mukaona ziwirizi motsatizana simudzafunikanso kuloweza.

Paja Rowbotham yemwe uja, mu 1992 akufufuza chibayo ku Bradford, anapeza kanthu kena mwa amiba ochokera m'makina oziziritsira madzi. Ankayesa bakiteriya chifukwa cha kukula kwake. Mu 2003 ofufuza a ku Marseille anapeza kuti ndi vairasi wamkulu modabwitsa, amene anamutcha Mimivirus. M'mimba mwa amiba mumapezeka zambiri.

A Gondwe:
Ine ndatolapo zanga. Pa nyumba imene ndikugwirapo panopa pali zipinda zisanu ndi chimodzi zimene zakhala zotseka miyezi itatu, ndipo akufuna kuzitsegula sabata yamawa. Ndimati ndingotsegula mashawa onse madzi ayende. Anamwino, pamenepa ndidziteteze bwanji?

Anamwino Esnart:
Musaimirire pansi pa shawa ikupemerera a Gondwe. Chotsani kaye mutu wa shawa, paipi muiloze pansi pa ngalande kapena muimize m'ndowa kuti madzi asauluke, mutsegule pang'onopang'ono, mawindo ali otsegula. Valani chotchinga pamphuno chogwira bwino. Mitu ya mashawayo muitsuke, muchotse zokakamira zonse musanaibwezere.

A Gondwe:
Ndamva. Ndiyambira ku gizala, ndione ngati ikufika pa 60, kenako ndiyeze kutentha pa mpopi wa chipinda chakumapeto. Ndipo paipi ija ndinaiona yotsekedwa kuseri kwa khoma la chipinda chachitatu ndikaidulira pa mphambano pake penipeni.